Mngelo wosunga uthenga zaka makumi anayi: mwaliona bwanji buku lathu la mwezi uno?

Nachisale_wa_Matawale
Moni nonse a m'gulu lino. Ndatsiriza usiku wathawu buku lija tidagwirizana kuwerenga mwezi uno, ndipo ndisanalipereke kwa wina ndafuna kuti nditule kaye zomwe zili kukhosi kwanga. Amene simunafike kumapeto mundikhululukire, pakuti ndiulula zina.

Kwa amene simunaligwire n'komwe, iyi ndi nthano yaitali ya m'Chingerezi yochitikira mumzinda waukulu wa m'mbali mwa nyanja, kutali ndi kuno. Mpangankhani wamkulu ndi mngelo amene adatumidwa ndi uthenga kwa mayi wina, koma atafika pakhomo ndi kumuona mayiyo akusambitsa khanda, mawu adamukanika. Poti sadapereke uthengawo sangathe kubwerera kumwamba, choncho wakhala mumzindamo zaka makumi anayi akugwira ntchito ya ulonda pa siteshoni ya sitima, akumwa tiyi wozizira ndi buledi wogona monga mlonda wina aliyense. Mapiko ake saoneka, koma mvula ikagwa chithunzithunzi chake cha m'madzi odikha pamsewu chimaonetsa zomwe maso sakuona, ndipo ndi mmene namwino wina, yemwe ndi khanda lomwe lija litakula, adamuzindikirira.

Mutu womaliza udandiliza, sindikubisa. Komabe zinthu ziwiri zikundisowetsa mtendere. Kodi mlembi ali ndi ufulu wotenga mngelo n'kumusandutsa munthu wamantha, wotopa, wofikira pokonda mkazi? Ndiponso, n'chifukwa chiyani pamapeto, mngelo atanong'oneza uthenga uja m'khutu mwa namwino, ife owerenga sitiuzidwa mawuwo?

Mkatekisiti_Wopuma
Zikomo Nachisale poyambitsa nkhaniyi. Ine ndidawerenga mpaka pakati n'kulisiya, ndipo ndifotokoza chifukwa chake mopanda chipongwe kwa amene mwalikonda. Liwu lakuti mngelo lidachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza mthenga, kutanthauza kuti mngelo timamudziwa ndi ntchito yake yopereka uthenga. Mukamulanda ntchito imeneyi, chotsalacho ndi chiyani? Kwa ine chotsalacho ndi munthu wamba amene mlembi wamuveka mapiko kuti bukulo ligulidwe.

Chachiwiri n'chakuti m'Malembo mngelo akaonekera amene amachita mantha ndi munthu. Werengani Luka mutu 1 ndi mutu 2: kwa Zakariya, kwa Mariya, ndi kwa abusa aja kubusa, mawu amene amabwerezedwa ndi akuti asaope. Yesaya mutu 6 akunena za aserafi a mapiko asanu ndi limodzi, awiri ophimba nkhope, awiri ophimba mapazi, awiri oulukira, ndipo mneneriyo adadziona ngati wathedwa. Zamoyo zomwe adaona Ezekieli zinali ndi nkhope zinayi chilichonse. Tsono ine kuona mngelo akunjenjemera pakhomo la mayi wosambitsa mwana, ndidaona kuti mlembi watembenuza zinthu chadodolido. Ndaphunzitsa ana za angelo otisunga kwa zaka zambiri, ndipo chaka chilichonse pa 2 Okutobala timawakumbukira. Sindingakondwe kuti mdzukulu wanga aganize kuti womusunga wake angathe kutaya mtima n'kukafuna ganyu.

Wowerenga_wa_ku_Chikanda
Bambo Mkatekisiti, ndikulemekeza zomwe mwanena, koma mlembiyu sadayambe yekha maganizo amenewa. Genesis mutu 6, ndime 1 mpaka 4, ikunena za ana aamuna a Mulungu amene adaona kuti ana aakazi a anthu ndi okongola nawakwatira, ndipo anthu ambiri akale ankamva kuti amenewa anali angelo. Buku la Enoki limaitambasula nkhaniyi: limati angelo 200 adatsikira pa phiri la Heremoni, adakwatira, naphunzitsa anthu kusula zida ndi zamatsenga. Nthano zambiri za angelo okhala pakati pa anthu zimamwa pachitsime chimenechi.

Mkatekisiti_Wopuma
Mwana wanga, buku la Enoki mulibe m'Baibulo lathu, kaya la Akatolika kaya la mipingo ina ya kuno. Ndiponso angelo amenewo adalangidwa, sadayamikiridwe.

Wowerenga_wa_ku_Chikanda
N'zoona bambo, kwathu kuno mulibe, koma mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia umaliwerengera pamodzi ndi mabuku opatulika, ndipo kalata ya Yuda pa ndime 14 ndi 15 imatenga mawu a m'buku lomweli. Pa za chilango ndikuvomerezana nanu, ndipo ndikupemphani kuti mudzatsirize bukuli, chifukwa mngelo wathuyu naye sakuyamikiridwa. Zaka makumi anayi za pa siteshoni paja ndicho chilango chake, ndipo iye mwini amadziwa kuti adalakwa.

Che_Songani
Ndiloleni ndiikepo mawu monga Msilamu, pakuti kuno ku Zomba tilipo ambiri ndipo nafenso timakhulupirira angelo. Kukhulupirira angelo ndi imodzi mwa nsanamira zisanu ndi imodzi za chikhulupiriro chathu. Timaphunzira kuti adalengedwa kuchokera ku kuwala, sadya, samwa, sakwatira, ndipo Qur'an pa sura 66 ndime 6 imanena za angelo kuti sanyoza zomwe Mulungu wawalamula. Ngakhale Iblis, yemwe ndi Satana, amene adakana kugwadira Adam, sura 18 ndime 50 imati anali wa m'gulu la majini. Choncho pa chiphunzitso ndili mbali imodzi ndi bambo Mkatekisiti: mngelo wokaniza uthenga kulibe, ndipo Jibril, yemwe Akhristu amati Gabirieli, sakadaima pakhomo n'kubwerera.

Komabe bukuli ndidaliwerenga lonse ndipo silidandikhumudwitse, chifukwa kuyambira tsamba loyamba ndidalitenga monga tinkatengera nthano za agogo madzulo. Kalulu akamayankhula m'nthano palibe mwana amene amapita kutchire kukafunsa kalulu nzeru, tonse timadziwa kuti akunenedwa ndi munthu. Malo amene adandigwira mtima ndi pomwe mlonda uja ali ndi kabuku komwe amalembamo zabwino zazing'onozing'ono zomwe apaulendo amachitirana usiku, monga kusiyirana mpando kapena kugawana chakudya, ngakhale palibe amene adamutuma kutero. Zidandikumbutsa zomwe tidaphunzira ku madrasa za angelo awiri olemba ntchito za munthu, wina kumanja wina kumanzere. Ndidaona kuti mlembi akusonyeza wantchito amene wachotsedwa pa ntchito koma manja ake akanali kufuna kutumikira.

Mwana_wa_Chinamwali
Ine chomwe sindidachikonde ndi chikondi cha mlonda ndi namwino. Iye adamuona mkaziyu ali khanda m'beseni, ndiye zikutheka bwanji kuti patapita zaka ayambe kumuyang'ana ndi maso ena? Mitu itatu yapakati ija ikadachotsedwa bukuli likadalimba.

Nachisale_wa_Matawale
Achemwali a ku Chinamwali, pamenepo mwalasa. Inenso mitu imeneyo ndidaiwerenga mothamanga. Ndikuona ngati mlembi adaopa kuti popanda chibwenzi owerenga athawa, chonsecho chomwe chidatigwira ife ndi funso lakuti uthengawo udzaperekedwa liti.

Mphunzitsi_wa_Chichewa
Ndikufuna ndikambeko za mtundu wa nthanoyi, chifukwa ndikuganiza kuti ndi pomwe pagona kusiyana kwa kawerengedwe kathu ndi ka anthu amene mlembi ankawalembera. Nthano zotere m'Chingerezi amazitcha urban fantasy, ndipo zimaima pa mfundo imodzi: mzinda wamakono, wa magetsi ndi masitima, uli ndi dziko lina lobisika lomwe anthu wamba salidziwa ndipo sangalikhulupirire. N'chifukwa chake namwino uja akutha masamba ambiri akudzikayikira, akuganiza kuti mutu wake wasokonezeka chifukwa chogwira ntchito usiku, mpaka kukaonana ndi dokotala wa maganizo.

Tsono taganizani kuti mayi wogulitsa tomato mumsika wa Zomba waona mapiko m'chithaphwi. Sangathe mwezi akudzikayikira. Pofika madzulo adzakhala atauza anzake, wina atamulangiza kuti apite kwa abusa, wina kwa shehe, wina kwa sing'anga, ndipo mkangano udzakhala wakuti chomwe waonacho n'chochokera kwa Mulungu kapena n'cha kumidima. Kwathu kuno zosaoneka sizibisika, timakhala nazo pakhomo. Chigumula cha mu Disembala 1946 chitatsika m'phiri la Zomba n'kukokolola milatho, anthu adati amene wadutsa ndi Napolo, chinjoka cha m'phiri, ndipo mpaka lero akuluakulu amatchula dzinali mvula ikakula. Malemu Steve Chimombo, amene ankaphunzitsa pa Chancellor College pompano, adalemba ndakatulo zambiri zochokera pa Napolo yemweyu. Aliyense amene adakwerapo kukaona dzenje la Chingwe pamwamba pa phiri la Zomba amadziwa kuti anthu amatsitsa mawu akafika pafupi.

Choncho gawo loyamba la bukuli, lomwe kwa eni ake liyenera kukhala lodzidzimutsa, kwa ine linali lochedwa. Ndidayamba kulimva kukoma pomwe namwino wasiya kufunsa ngati angelo alipo, n'kuyamba kufunsa kuti mngeloyu ali naye ngongole yanji.

Wa_ku_Thondwe
Ndakhala ndikuwerenga ndemanga zanu mwakachetechete, koma mawu a aphunzitsi akuti ngongole andichititsa kuti ndilembe. Ine bukuli sindidaliwerenge ngati nkhani ya angelo, ndidaliwerenga ngati nkhani yanga.

Ndili Fomu 2, mafoni a m'manja asanafale, malume anga adamwalira m'bandakucha kumudzi kwathu. Akuluakulu adandipatsa njinga n'kundituma kwa mlongo wawo, mayi anga aang'ono, amene ankakhala ku Chinamwali. Adandilangiza bwino lomwe monga mwa mwambo wathu kuti ndisakanene kuti amwalira, ndikangoti matenda akula, tiyeni kumudzi. Ndidapalasa bwinobwino mpaka pa mlatho wa Likangala, ndipo pamenepo miyendo idangofooka. Ndidatsika, ndidatsamiritsa njinga, n'kukhala pansi kuyang'ana amayi akuchapa kumunsi. Ndinkaganiza kuti nthawi yonse imene ndakhala pano, kwa mayi aang'ono mchimwene wawo akanali moyo, akusesa pabwalo, akuphika phala, mtima uli m'malo. Ndinkadziona ngati ndikuwachitira chifundo. Dzuwa lidakwera ndili pomwepo.

Nditafika ndidawapeza akuanika ufa pamphasa. Adangondiyang'ana kumaso, kuyang'ana njinga, n'kufunsa kuti, wanyamuka nthawi yanji kumudzi? Sindidathe kunama. Sadandikalipire, adangolowa m'nyumba kukatenga chitenje, koma tili m'njira adandiuza mawu amene sindidzawaiwala, akuti maola amene ndidakhala pamlatho anali awo, sanali anga, ndipo ndidawalanda nthawi yokhala pafupi ndi thupi la mchimwene wawo.

Mu mutu womaliza namwino akumufunsa mlonda uja kuti adampatsa ndani ufulu wosankhira mayi ake zomwe angathe kupirira. Nditafika pamenepo ndidatseka buku n'kutuluka panja. Bambo Mkatekisiti, ine sindikudziwa zambiri za chiphunzitso, ndipo ndikuvomereza kuti mngelo weniweni sangachite zimenezi. Koma mthenga amene wasunga uthenga poganiza kuti akuchita chifundo ndikumudziwa, ndipo mlembiyu wamujambula molondola, mpaka kachitidwe kake koyeseza mawuwo chamumtima tsiku ndi tsiku osawatulutsa.

Che_Songani
Pepani achimwene. Zikomo potikhulupirira ndi nkhani yolemera chotere.

Mwana_wa_Chinamwali
Mwandikumbutsa kuti masiku ano uthenga wa maliro ena amangouponya pa WhatsApp, abale ake enieni asanauzidwe. Mthenga wochedwa ndi wolakwa, koma wothamanga mopanda ulemu nayenso amapweteka anthu.

Mkatekisiti_Wopuma
Achimwene a ku Thondwe, nkhani yanu yandikhazika pansi. Yandikumbutsa malo awiri m'Malembo amene ndikadayenera kuwaganizira ndisanalembe ndemanga yanga yoyamba. Pa Danieli mutu 10, mthenga wakumwamba akuuza Danieli kuti pemphero lake lidamveka kuyambira tsiku loyamba, koma iye adatsekerezedwa masiku 21 ndi kalonga wa ufumu wa Perisiya mpaka Mikaeli adabwera kudzamuthandiza. Ndiye kuti mngelo wochedwa ndi uthenga alimo m'Baibulo, ngakhale kuti kuchedwako sikudali kufuna kwake. Amene adathawa ndi uthenga mwa kufuna kwake ndi Yona, ndipo Yona anali munthu.

Apa ndi pomwe ndaima tsopano. Mlembiyu walemba nkhani ya Yona n'kuipatsa dzina la mngelo. Ngati tiliwerenga motero, monga anenera Che Songani, ndilibe nalo mlandu waukulu ndipo ndilitsiriza. Chomwe sindisintha n'chakuti wachinyamata amene sadziwa Malembo asapatsidwe bukuli popanda womuuza kuti iyi ndi nthano, chifukwa zithunzi za m'nthano zimakhazikika m'mutu msanga kuposa katekisimu.

Wowerenga_wa_ku_Chikanda
Pa mfundo ya zithunzi mwanena zoona bambo, ndipo mapiko omwewa ndi umboni. Alendo atatu amene adafika kwa Abrahamu pa Genesis 18 ankaoneka ngati anthu apaulendo, adasambitsidwa mapazi ndi kudya. Awiri amene adapita kwa Loti chimodzimodzi. Akhristu oyambirira ankajambula angelo opanda mapiko, ndipo mapiko adayamba kuoneka pa zojambula zawo cha kumapeto kwa zaka za m'ma 300. Lero tonse tikamva liwu lakuti mngelo timaona mapiko awiri oyera ndi mkanjo, zomwe tidazitenga pa makalendala ndi pa zithunzi za m'matchalitchi. Mlonda wovala jekete lakutha, amene sungamusiyanitse ndi anthu ena, ali pafupi ndi Genesis 18 kuposa chithunzi cha pa kalendala. Ahebri 13 ndime 2 imatichenjeza kuti tisaleke kuchereza alendo, poti ena adachereza angelo osadziwa.

Mphunzitsi_wa_Chichewa
Makolo athunso adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ichi n'chomwe chimandipweteka ndikaganiza kuti nthano zotere timaziwerenga m'Chingerezi chokha, pomwe zipangizo zake zonse tili nazo. Baibulo lathunthu lidatuluka m'chinenero chathu mu 1922, ndiye kuti liwu lakuti mngelo lakhala m'kamwa mwathu zaka zoposa zana, lidazolowerana kale ndi mawu monga mizimu, maloto ndi malodza. Ndipo mzinda woti nthano yotere ichitikiremo ulipo. Zomba idali likulu la dziko mpaka 1975, aphungu adapitiriza kukumana konkuno kwa zaka zambiri pambuyo pake, ndipo nyumba zakale za boma zikadalipo m'munsi mwa phiri, zina zili zii. Mzinda umene udasiyidwa ndi ulemerero wake ndi malo oyenera mthenga amene adatsalira.

Mwana_wa_Chinamwali
Aphunzitsi, mukadzailemba musadzamuike m'nyumba za boma. Adzakhale wa kabaza pa depoti, kapena wonyamula katundu mumsika, munthu amene tonse timamudutsa osamupatsa moni.

Nachisale_wa_Matawale
Maganizo amenewo ndi abwino ndipo ayenera tsiku lakelake, koma ndikubwezereni ku funso langa lachiwiri lomwe palibe waliyankha. Ine ndidadikira masamba onse aja kuti ndimve uthengawo. Mngelo akuwerama, akunong'oneza, namwino akukhala pansi pa benchi, sitima ikudutsa, buku latha. Poyamba ndidamva ngati ndaberedwa. Kodi mlembi adalephera kupeza mawu oyenera, n'kuthawira m'chinsinsi?

Wowerenga_wa_ku_Chikanda
Ine ndikuganiza kuti adalepheradi. Adaukuza uthengawo kwambiri moti mawu alionse akadaoneka ochepa, ndiye adasankha kukhala chete. Kumeneko ndi kuzemba ntchito ya mlembi.

Che_Songani
Sindikugwirizana nanu achimwene. Uthengawo udatumizidwa kwa mayi uja, ndipo iye atamwalira woyenera kuulandira ndi mwana wake. Ife owerenga ndife odutsa pa siteshoni. Mlembi akadatiuza, bwenzi tikuuyeza ngati unali woyenera zaka makumi anayi, mwina n'kumati mlonda adachita bwino kuusunga, kapena kuti unali waung'ono wosafunika kudandaula nawo. Potibisira, watikaniza kukhala oweruza a uthenga wa eni ake, lomwe ndi tchimo lenileni la mlonda uja.

Wa_ku_Thondwe
Ndikuonjezerepo kanthu kamodzi pa zomwe anena Che Songani. Onaninso tsamba lomaliza. Mlembi sadatiuze mawu, koma adatiuza zomwe namwino adachita atawamva: adavula nsapato zake za ku ntchito, adaziika pambali, n'kukhala nthawi yaitali mapazi ali pa simenti yozizira. Mayi anga aang'ono atamva uthenga wanga adasiya ufa pamphasa osauphimba, nkhuku zili pomwepo, iwo amene sankalola ngakhale njere imodzi kutayika. Amene adaperekapo uthenga wolemera amadziwa kuti mawu ako suwakumbuka bwino, chimene chimatsala m'maso ndi zomwe wolandirayo adachita ndi manja ake.

Nachisale_wa_Matawale
Za nsapatozo ndidaziwerenga mothamanga pofuna kupeza mawu, ndipo sindidaziikire mtima. Ndibwerezanso mutu umenewo usiku uno. Bambo Mkatekisiti, popeza mwati mulitsiriza, Loweruka m'mawa ndidzakhala ndikubwera kumsika ndipo ndidzalitenga. Mudapinda tsamba pomwe mudalekezera, pamutu pomwe mlonda akuyamba kumutsatira namwino kuchokera ku chipatala, ndipo ndasiya chopinda chomwecho.

Mkatekisiti_Wopuma
Zikomo mwana wanga, ndidzakudikirani cha m'ma 9 koloko. Ndikatsiriza ndidzabweranso pano, chifukwa ndikufuna ndione ndekha ngati mngeloyo adapempha chikhululukiro kwa namwino yekha kapena kwa Iye amene adamutuma.